Pikiapu yokokera thirela ya mpunga ku Kachulu: Hilux, Ranger kapena Isuzu?

Bambo a Tadala:
Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonseyi. Ine ndimagula mpunga ku Kachulu ndi ku sikimu ya Likangala n'kumadzagulitsa m'tauni muno mwa Zomba, wina ndimapita nawo ku Limbe. Zaka zonsezi ndakhala ndikuchita hayala, koma pano hayala ikudya phindu lonse, ndangosanduka wantchito wa eni magalimoto. Ndagulitsa kasaluni kanga, mayi akunyumba awonjezerapo za ku banki m'khonde, ndiye ndikufuna pikiapu ya dizilo ya 4x4 yoyendapo kale. Thirela ndili nayo, ya matayala anayi, anandiwotcherera mnyamata wina ku Ndirande. Maganizo anga ndi oti matumba 15 azikhala kumbuyo kwa galimoto, 40 m'thirela. Nyengo yomwe mpunga kulibe ndizikwera kuphiri la Zomba kukatenga matabwa. Ndaona zitatu, zonse double cab, za mizere iwiri ya mipando zija: Hilux ya 2012 ya 2.5 D-4D, Ford Ranger ya 2014 ya 3.2, ndi Isuzu KB 300 ya 2015. Ndithandizeni maganizo, ndalama imeneyi sindidzaigwiranso kachiwiri.

Mnyamata wa pa Mpondabwino:
Ranger madala, apa palibenso chofunsa. 3.2 ija ndi ya masilinda asanu, mphamvu yake 147 kW, mphamvu yokokera 470 Nm. Hilux ya 2.5 mukaimangirira thirela, pachitunda muzichita kutsika n'kumaithandiza kukankha kkkk

Nabanda wa ku Jali:
Ayambapo a Ranger. Achimwene, imani pa depoti mawa m'mawa muwerenge mapikiapu odutsa kwa ola limodzi. Mudzatiuze kuti ambiri ndi ati. Anthu onsewo si opusa.

Mnyamata wa pa Mpondabwino:
Achemwali, njinga za kabaza nazonso n'zambiri m'tauni muno, ndiye tigule kabaza?

Amakaniko a ku Chinamwali:
Taimani kaye nonse. Bambo a Tadala, ndisananene za galimoto, ndiyankheni zitatu izi. Thirela yanuyo ili ndi mabuleki akeake? Ikakhala yopanda kanthu imalemera bwanji? Hilux ya 2.5 mwaionayo inachokera dziko liti?

Bambo a Tadala:
Mabuleki ilibe bambo. Kulemera kwake sindinapimitsepo, koma anthu anayi amaikankha movutikira. Hilux mwini wake akuti inachokera ku UK, inalowera pa Songwe.

Amakaniko a ku Chinamwali:
Ndiye vuto lanu lalikulu silili pa dzina la galimoto ayi, lili pa thirelapo. Tiyeni tiwerengere limodzi. Matumba 40 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 2,000. Thirela yowotcherera ya matayala anayi tingoti 700, ndipo mwina ndaichepetsa chifukwa anyamata athu sanyinyirika ndi chitsulo. Zonse 2,700. Opanga mapikiapu onse atatuwa amalola makilogalamu 750 okha ngati thirela ilibe mabuleki. Nambala zikuluzikulu zomwe anthu amanyadira nazo, za matani atatu kapena atatu ndi theka, ndi za thirela ya mabuleki. Inu mukufuna kukoka kuposa katatu zomwe galimoto iliyonse mwa zitatuzi imaloledwa, Ranger yomwe.

Kumbuyo nakonso. Double cab imanyamula pafupifupi tani imodzi, koma m'tani imeneyo muwerengeremo inuyo, anyamata okweza katundu, tayala lapadera lachiwiri, jeke, zonse. Matumba 15 ndi 750. Anthu atatu 200. Kenako thirela imatsamira pa tow bar, chitsulo chokokera chija, ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake, ndiye kuti 250 kapena kuposa. Mwadutsa kale. Ndipo double cab bodi yake ndi yaifupi, katundu wambiri amakhala kumbuyo kwa matayala akumbuyo. Mukaona pikiapu yopindika pakati, mpata wa pakati pa kebu ndi bodi utatseguka pamwamba, chinachitika n'chimenecho: katundu kumbuyo, thirela ikukanikiza, kenako bampu mwaliwiro. Chassis ikapindika choncho galimoto yatha mtengo.

Dalaivala Wopuma:
Amakaniko anena zomwe ndimafuna kunena. Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira, galimoto yake sinditchula chifukwa inalibe mlandu, wolakwa ndinali ine. Ndinali ndi zaka zambiri pa chiwongolero ndipo ndinkadziona ngati katswiri. Tinakweza matabwa aiwisi a paini pamwamba paphiri, odzaza bodi ndi thirela yopanda mabuleki ngati yanuyo. Matabwa aiwisi amanyenga, amaoneka ochepa koma ndi madzi okhaokha. Tikutsika kuchokera Ku Chawe ndinaika giya yachitatu, phazi pa buleki. Makona oyambirira zinali bwino. Tisanafike pakati fungo linayamba, buleki inayamba kulowa pansi ngati ndikuponda phala. Chomwe sindidzaiwala ndi mmene thirela inkakankhira kumbuyo kwa galimoto pa kona iliyonse, kufuna kuti itsogole ndiyo. Ndinakakamiza giya yachiwiri, injini inalira ngati iphulika, ndinakakhulitsa mbali ya galimoto kukhoma la phiri mpaka tinaima. Mnyamata yemwe anali pambali panga anatsika n'kuyenda wapansi mpaka m'tauni, sanafunenso kukwera.

Kuyambira tsiku limenelo lamulo langa ndi limodzi. Giya yomwe wakwerera ndi yomwe utsikire. Msewu wa Ku Chawe ndi katundu, ndi giya yachiwiri kapena yoyamba kumene, buleki kungoigusa n'kuisiya kuti izizire. Anyamata amakangana za mphamvu yokwera, koma ine sindinaonepo munthu atafa chifukwa galimoto yakwera pang'onopang'ono.

Nabanda wa ku Jali:
Ambuye. Pepani bambo, Mulungu anali nanu.

Bambo a Tadala:
Mwandiopsa akuluakulu. Ndiye thirelayi ndiitaye?

Amakaniko a ku Chinamwali:
Kutaya ayi. Ma axle a mabuleki amagulitsidwa, ambiri amachokera ku South Africa, pamodzi ndi cholumikizira chake chija choti galimoto ikamaima thirela imadzikanikizira yokha mabuleki. Chotsanipo ndalama ya zimenezo pa ndalama ya galimoto musanagule chilichonse. Komanso muone tow bar, pamakhala kachitsulo kolembedwa kulemera komwe imapirira. Yowotcherera pa bampala ija si tow bar.

Tsopano za magalimoto. Hilux ya 2.5, injini yake ndi 2KD, ilipo ya mitundu ingapo, ina ya 75 kW ina ya 106 kW. Ndi injini yopirira, masipeya ake ngakhale pano pa Zomba mupeza ambiri, osachita kudikira basi ya ku Blantyre. Koma pa ntchito yanuyo ndi yaing'ono, makamaka ya 75 ija, muzidzasintha kilatchi ngati malaya. Mukafuna Hilux funani ya 3.0, ya 1KD, ili ndi 343 Nm. Ziwiri zonsezi zimayendera timing belt yosintha pa makilomita 150,000, ndiye mufunse kuti inasinthidwa liti. Komanso Hilux ya zaka zimenezo siloledwa kukoka zolemera ngati Ranger ndi Isuzu, nambala yake imasiyana malinga ndi dziko lomwe inagulitsidwa, muyang'ane m'buku lake.

Isuzu KB 300 ili ndi 4JJ1, 130 kW ndi 380 Nm. Injini ya banja lomwelo imaikidwa m'timalole ta Isuzu tomwe timanyamula njerwa ndi mchenga. Ilibe lamba, ili ndi tcheni. Imalira ngati chigayo, mkati mwake simokongola, koma imakoka kuchokera pansi osafuna kupondedwa kwambiri, zomwe n'zofunika ponyamuka ndi thirela m'matope. Masipeya ambiri ndi ku Limbe ndi ku Blantyre.

Ranger pa mphamvu mnyamatayu sakunama, pa zitatuzi ndiyo yamphamvu, ndipo imakhala bwino pamsewu ikamakoka. Koma imafuna munthu woidziwa komanso kompyuta yoyezera. Chitsanzo chimodzi: posintha oyilo pa injini zake za 2.2 ndi 3.2, suyenera kuisiya yopanda oyilo kupitirira mphindi khumi, chifukwa pampu yake imatha kukanika kukokanso oyilo ukaliza. Makaniko wozolowera kutsegula pansi n'kupita kukadya nsima akhoza kukuphera injini yabwinobwino.

Mnyamata wa pa Mpondabwino:
Ndiye vuto ndi makaniko osati galimoto. Yanga ndakhala nayo zaka zitatu, ku Lilongwe, ku Mangochi, ku Mulanje, sinandigonekepo panjira. Ndipo madzi imawoloka ofika mamilimita 800, nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 ndinkadutsa pomwe anzanga ankabwerera.

Agogo a ku Domasi:
Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, mwana wanga. Madzi othamanga alibe nazo ntchito nambala za m'buku, milatho yeniyeni inapita nthawi imeneyo.

Ine nonse mukundiseketsa. Munthu akufuna kulowa kudambo la Chilwa nthawi ya dzinja ndi katundu, mukumuuza za magalimoto opita nawo ku ukwati. Land Cruiser 79 ya 1HZ, basi. Masilinda asanu ndi limodzi, 4.2, yopanda turbo, yopanda kompyuta. Mphamvu papepala ndi 96 kW yokha, yochepa poyerekeza ndi Ranger ndi Isuzu, koma kutsogolo kuli axle yathunthu ngati lole, ndipo dizilo wina aliyense imamwa osadandaula. Mukuganiza kuti n'chifukwa chiyani ma ambulansi a kumidzi ambiri ndi Land Cruiser?

Bambo a Tadala:
Agogo, ndinafunsapo mtengo wa 79 yakalekale, ndinangoseka n'kubwerera. Ndalama yanga ingagule theka lake.

Agogo a ku Domasi:
Gulani theka lakutsogolo, lidzakokabe kuposa Ranger.

Mnyamata wa pa Mpondabwino:
Kkkkk agogo mwandipha. Koma munene zoona, lita imodzi imakufikitsani pati?

Agogo a ku Domasi:
Makilomita asanu ndi awiri, ikakondwa asanu ndi atatu. Ndikamangirira ngolo sindiwerenganso, kuopa BP.

Nabanda wa ku Jali:
Ine ndilankhuleko za matope poti ndimalowa kumeneko sabata iliyonse kukatenga matemba ndi nandolo. Yanga ndi Hilux 3.0. Chaka choyamba ndinkayendera matayala omwe inabwera nawo, a pa tala aja osalala. Mwezi wa February kupitirira pa Govala ndinatitimira m'makande mpaka ma diff anakhala pansi. 4x4 ndinaika, matayala onse anayi ankangozungulira ngati mbale. Dothi la kumeneko likanyowa limamata m'mizere ya tayala, tayala n'kusanduka lopanda mano. Anandizula ndi anyamata a m'mudzi ndi makasu ndi mapesi, ndinalipira ndalama yoti ndikanagulira tayala limodzi labwino. Nditaika matayala a all terrain, a mano okulirapo aja, n'kuphunzira kuphwetsako mpweya ndisanalowe m'matope, malo omwewo ndimadutsa. Galimoto yomweyo, dalaivala yemweyo.

Ndiye achimwene muone ngati yomwe mukugulayo ili ndi batani la diff lock yakumbuyo, lija lomanga matayala awiri akumbuyo kuti azizungulira limodzi, ndipo muliyese ligwire, osangoona batani. Low range, giya yotsika ija yoyenda pang'onopang'ono koma mwamphamvu, nayonso muilowetse muyende nayo pafumbi. Koma kunena mosabisa, thirela ya matani awiri ndi theka m'makande a dzinja palibe pikiapu yomwe ingaitulutse. Matayala anayi a thirela aja ndi nangula. Mwayi wanu ndi woti mpunga wambiri mumagula kukauma, kuyambira cha mu May. Mvula ikagwa siyani thirela kumtunda muzituta pang'onopang'ono.

Dalaivala Wopuma:
Ndiwonjezere pa za achemwaliwa. Mukatitimira, chingwe chokokera musamange pa mpira wa tow bar. Mpira uja ukathyoka pogwedeza umauluka ngati chipolopolo, umaboola galasi la yemwe akukukokaniyo. Mangani pa ngowe za pa chassis. Ndipo anthu oonerera, makamaka ana, muziwathamangitsira kutali.

Wa ku Thondwe:
Funso langa laling'ono, pepani kulowerera. Ndikamakoka thirela pa tala mvula ikugwa, ndingaike 4H, giya yokoka ndi matayala onse anayi ija, kuti igwire bwino?

Amakaniko a ku Chinamwali:
Pa zitatu tikukambazi ayi. 4x4 yake imamanga kutsogolo ndi kumbuyo pamodzi, ilibe diff yapakati, ndiye pa tala pomwe matayala saterereka zitsulo zimapotana mpaka transfer case kapena ma CV kuonongeka. 4H ndi ya pafumbi, pamchenga, pamatope. Yomwe imalola zimenezo ndi Mitsubishi Triton kapena L200 yokhala ndi Super Select, imeneyo 4H mutha kuyenda nayo pa tala. Ndi galimoto yabwino yomwe anthu amaiderera, kungoti masipeya ake muziyamba mwaimba foni ku Blantyre.

Mayi a Chisomo:
Palibe yemwe wanena za dizilo. Tonse tikudziwa mmene zimakhalira mafuta akasowa, mizere pa filling station mpaka kugona pomwepo. Amuna anga anatopa nazo tsiku lina n'kugula wa m'zigubu kwa anyamata ena m'mbali mwa msewu. Sabata sinathe galimoto inayamba kutsokomola, utsi woyera, m'mawa osalira. Munali madzi ndi parafini. Ma injector anayi onse anapita, ndalama yake tinachita kugulitsa ng'ombe. Magalimoto a dizilo amakono onsewa, a common rail, kaya ndi dzina liti, dizilo wakuda ndi poizoni. Amene mumagwira ntchito kutali ndi tauni ngati inuyo mayesero a zigubu ndi aakulu.

Amakaniko a ku Chinamwali:
Zoona mayi. Bambo a Tadala, iliyonse mungagule, ikani fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi isanafike ya galimoto, ndipo nyali ya madzi ikayaka imani pomwepo mukhetse. Mukapeza dizilo pa pampu dzazani zigubu zanuzanu zoyera.

Za Hilux ya ku UK ija ndinafunsa dala. Za kumeneko za zaka zimenezo zimabwera ndi DPF, sefa ya mwaye ya mu ekizozi, yomwe imafuna ulendo wautali wothamanga kuti idziotche. Inu woyenda giya yachiwiri kupita ku Kachulu idzakuvutitsani. Chachiwiri, kumeneko amathira mchere m'misewu nthawi yozizira, ndiye lowani pansi ndi tochi ndi kahamala, mugogode chassis makamaka chakumbuyo komwe tow bar imagwira. Penti wakuda watsopano pansi pa galimoto yakale ndi chizindikiro choti pali chobisika. Za ku South Africa dzimbiri si kwenikweni, ndipo zitatu zonsezi zimapangidwa konko, Hilux ku Durban, Ranger ku Pretoria, Isuzu ku Port Elizabeth komwe pano akuti Gqeberha. Wina akakuuzani kuti Vigo yake, dzina lina la Hilux ya zaka zimenezo, ndi ex-Japan mufunsitse bwino, chifukwa Toyota inasiya kugulitsa Hilux ku Japan mu 2004 n'kudzayambiranso mu 2017.

Wa ku Thondwe:
Nanga Nissan Hardbody NP300 bwanji? Yotchipa, yosavuta.

Nabanda wa ku Jali:
Pa matumba 15 opanda thirela ili bwino. Pa 55 mukuipempha zomwe sinabadwire.

Mphunzitsi wa ku Sadzi:
Ine za injini sindidziwa, koma yang'anani laisensi yanu. Ngati ndi B yokha, imalola thirela yosapitirira makilogalamu 750. Yoposa apo pamafunika EB. Thirela nayo imafuna nambala yake, COF (chiphaso choti ndi yoyenera kuyenda pamsewu), magetsi ndi zonyezimira kumbuyo. Msewu wa ku Limbe apolisi sasowa, ndipo pakachitika ngozi a inshuwalansi amayambira pa mapepala omwewo.

Bambo a Tadala:
Aphunzitsi mwandigwira, yanga ndi B. Ndinabwera kudzafunsa za galimoto, ndikubwerera ndi ngongole zinayi kkkk

Mnyamata wa pa Mpondabwino:
Madala musaope, tengani Ranger ya automatic, ponyamuka ndi thirela palibe kilatchi yopsa.

Amakaniko a ku Chinamwali:
Apa wanena zoona pang'ono. Automatic imanyamuka bwino ndi katundu komanso pamchenga. Koma oyilo wa giyabokosi amatentha ikamakoka pachitunda, ndiye amafuna kusinthidwa ngakhale ena amati ndi wamuyaya, ndipo ikafa ndalama yake si yofanana ndi kilatchi. Kwa munthu yemwe wathera ndalama yonse pogula, ine ndimati manual. Pobwerera m'mbuyo ndi thirela pafumbi kapena ponyamuka pachitunda cha dothi, ikani low range, kilatchi idzakhalitsa.

Dalaivala Wopuma:
Ndipo pokweza m'thirela, matumba ochulukirapo akhale kutsogolo kwa ma axle. Mukaunjika kumbuyo, thirela imayamba kuvina mukangofika 70 kapena 80, makamaka potsetsereka ngati cha ku Namadzi. Ikayamba kuvina musaponde buleki mwamphamvu, musalimbane ndi chiwongolero, chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono.

Adimini:
Amene mwaponya zithunzi za Vitz yogulitsa pakati pa nkhaniyi ndazichotsa. Malonda ndi Lachisanu.

Agogo a ku Domasi:
Bambo a Tadala, funso lomwe sanakufunseni: double cab mukuifuniranji? Mpunga sukhala pampando. Single cab bodi yake ndi yaitali, katundu amakhala pamwamba pa axle, mtengo wake ndi wotsikirapo.

Bambo a Tadala:
Agogo, ndalama ina ndi ya mayi akunyumba. Anena kale kuti Lamulungu kutchalitchi sakakwera kumbuyo ngati thumba.

Nabanda wa ku Jali:
Auzeni kuti ine ndili mbali yawo.

Bambo a Tadala:
Ndabweranso akuluakulu, pepani ndinasowa masiku awiri. Thirela ndinakaipimitsa pa sikelo ya magalimoto kwa ogula mbewu ena, yopanda kanthu ndi makilogalamu 860. Ndiye kuti ngakhale ilibe thumba ndi limodzi lomwe yadutsa kale 750 ija. Hilux ya ku UK ndinalowa pansi pake ndi tochi monga munanenera, chakumbuyo hamala inangolowa, ndaisiya. Ranger ndinaiyendetsa, ndisaname mtima unakhala pomwepo, koma mwini wake alibe pepala ndi limodzi lomwe losonyeza komwe ankapangitsa sevisi. Isuzu ili ndi buku lake lodinda mpaka chaka chatha, inachokera ku South Africa, diff lock ikugwira, koma matayala onse anayi ndi otha ndipo sipiring'i imodzi yakumbuyo ndi yothyoka. Ndikuganiza zotsitsa matumba, 8 kumbuyo, 30 m'thirela ikaikidwa mabuleki, ulendo wina ndizibwereza.

Mnyamata wa pa Mpondabwino:
Mudzandiona ndikukudutsani pa Thondwe madala, ndidzakuimbirani hutala.

Amakaniko a ku Chinamwali:
Sipiring'i yothyoka ikutiuza kuti inkanyamula kwambiri, ndiye chassis ndikufuna ndiione ndekha. Musapereke ndalama iliyonse. Muuzeni mwini wake kuti Loweruka asailize m'mawa, ndikufuna ndiipeze yozizira kuti ndimve mmene ikulirira koyamba komanso ndione utsi. Ndibwera ndi kompyuta tiyeze ma injector. Tikatero tikwere nayo mpaka pa damu la Mulunguzi tione ngati singatenthe.

Bambo a Tadala:
Ndamuimbira, wavomera. Galimoto ili ku Matawale. Ndidzakutengani 6 koloko pa Chinamwali.

Amakaniko a ku Chinamwali:
Bwerani ndi ovolosi, pansi tikalowa tonse.